Chimfine cha Julaye ku Dedza: jinja, bulugama, Panado, kuyenda kapena foni?

Chimfine chinandigwira Lachiwiri, chinayamba ndi kukanda kukhosi kuja kokhala ngati wameza gaga, ndiye ndinalakwitsa kulemba pa gulu lathu la banja pa WhatsApp kuti sindili bwino. Aaa, pofika madzulo aliyense anali dokotala. Mayi ku Bembeke anatumiza voice note ya mphindi zinayi yoti ndithyole masamba a bulugama ndifukize, azakhali akuti gula amoxicillin umwe masiku awiri chitheretu, alamu anga omwe amasewera mpira akuti m'mawa kathamange mpaka pa rodibuloko utuluke thukuta, ndipo mwana wa achemwali anga yemwe ali Fomu 3 anatumiza kanema wa pa TikTok woti uyike anyezi m'sokosi pogona. Anyezi m'sokosi abale. Ndiye poti ndagona sabata yonse ndipo zambiri mwa izi ndaziyesapo chaka chino kapena zaka zam'mbuyomu, ndati ndiziyike pamodzi tione kuti yothandiza ndi iti, yongotayitsa nthawi ndi iti, komanso yoopsa ndi iti.

Amene mumakhala ku Salima kapena ku Nsanje mwina muziona ngati tikukokomeza. Dedza boma ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pomwe pamalekezera madzi a nyanja yamchere, phiri lake limapitirira mamita 2,100, ndiye Juni ndi Julaye kuno si masewera. M'mawa chifunga chimatseka phiri lonse, madzi a mu ndowa ukawakhudza zala zimauma, a kabaza amavala majuzi awiri ndi chipewa chotseka makutu. Koma ukangotsika Khwekhwerere kukafika ku Golomoti juzi umavula wekha. Anzathu a ku Tsangano ndi ku Lizulu akudziwa zomwe ndikunena.

Chinthu chimodzi tigwirizane kaye, chifukwa zonse zikutsamira pamenepa. Chimfine chimabwera ndi ma virus, ndipo alipo mitundu yopitirira 200, wotchuka kwambiri ndi rhinovirus. Kuzizira pakokha sikubala chimfine, koma kukazizira timatseka mawindo onse mu minibasi, m'kalasi, m'tchalitchi, timapanikizana, wina akayetsemula kumpando wakumbuyo tonse tagawana. Yesani kutsegula windo mu minibasi yochoka ku Lilongwe 6 koloko m'mawa mumve mmene akukalipireni. Ndipo chimfine wamba chilibe mankhwala ochiza, thupi limathana nacho lokha pa masiku 7 mpaka 10, chifuwa chake nthawi zina chimatsalira mpaka masabata atatu. Ndiye munthu akakuuza kuti ndinamwa chakuti tsiku lachisanu n'kuchira tsiku lachisanu ndi chiwiri, sakunama ayi, anachiradi, kungoti akanachirabe ngakhale akanamwa thobwa. Funso lenileni ndi loti pamasiku amenewo n'chiyani chikupeputse osakuvulaza.

Ndiyambe ndi jinja, ndimu ndi uchi poti ndi zomwe ine ndimakonda. Ndimasenda kajinja kotalika ngati chala chachikulu, kusinja pang'ono, kuwiritsa mphindi zingapo, kenako ndikaphula ndidikire azizireko ndiye ndifinyiremo ndimu ndi kuthira supuni ya uchi. Sizipha virus, tisanamizane. Koma chakumwa chofunda chimafewetsa kukhosi, mamina amasungunuka, ndipo umamwa madzi ambiri osadziwa, pomwe nyengo yozizira ino ambirife madzi timawaiwala. Mwa zitatuzi amene ali ndi umboni wooneka kwa azachipatala ndi uchi, umachepetsa kutsokomola kwa usiku, moti kwa mwana wopitirira chaka chimodzi kasupuni kamodzi asanagone kamathandiza mofanana kapena kuposa manyuchi ena a chifuwa a mu famase. Koma mwana wosakwana chaka asapatsidwe uchi olo pang'ono, olo kungomunyambititsa, chifukwa mu uchi mumatha kukhala tizilombo toyambitsa matenda oopsa a botulism tomwe m'mimba mwa khanda simungalimbane nato. Agogo ambiri izi sazidziwa ndipo amachita mwachikondi, ndiye muwauze mwaulemu. Vuto lina la uchi ndi mtengo, komanso wina wa m'mbali mwa msewu uja ndi shuga wowiritsa wongoponyamo njuchi yakufa kuti tikhulupirire kkkk. A matenda a shuga muchepetse uchiwo, a zilonda zam'mimba jinja wambiri ndi ndimu m'mimba mopanda kanthu zikuwotchani.

Za vitamin C anthu amazikweza kwambiri. Kumwa mapiritsi ake chimfine chitayamba kale sikusintha zambiri. Idyani manachesi poti ndi nyengo yake, magwafa mukawapeza, malambe mu phala, masamba a mpiru, basi zakwana, ndalama ya mapiritsiyo mugulire makala.

Yotchipa kuposa zonse ndi madzi amchere. Theka la kasupuni ka tiyi mu kapu ya madzi ofunda, kuchukucha kukhosi n'kulavula, katatu kapena kanayi patsiku. Palibe amene amaitama pa WhatsApp chifukwa ilibe chidwi, koma m'mawa uja kukhosi kukuwawa moti malovu kumeza ukuchita kuganiza kaye, imapeputsa ndithu. Kwa makanda otsekeka mphuno kuli timadontho ta madzi amchere ta mu famase, ndipo kuyamwitsa kusalekeke.

Tsopano bulugama wa mayi anga. Kufukiza kunalipo kale koma kunatchuka zedi nthawi ya Covid, matenda aja atalowa m'dziko muno mu Epulo 2020, mitengo ya bulugama ya m'mbali mwa misewu inatha masamba mmunsi monse. Umawiritsa masamba mu poto, kudzifunditsa bulangeti, n'kumapuma nthunzi mpaka thukuta kamukamu. Kunena zoona ukatuluka mmenemo umamva bwino, mphuno zimatseguka, mutu umapepuka. Koma pakatha ola limodzi zatsekekanso, ndipo virus ali pomwepo, nthunzi singamuphe mkati mwa thupi, ikanati itenthe kufika pomupha bwenzi itakuwotcha iweyo poyamba. Chomwe chimandiopsa ine ndi poto uja. Uli mumdima mkati mwa bulangeti, maso akulira, poto wa madzi obwadamuka ali pakati pa miyendo, bondo likangogunda basi. Mwana wa aneba athu zaka zingapo zapitazo anapsa ntchafu yonse chonchi, amayi ake anamukhazika pamiyendo kuti afukize limodzi, mwana anapalapata ndi kutentha n'kukankha poto. Chimfine chinatha pa sabata, chilonda anayenda nacho kuchipatala mwezi wathunthu ndipo chipsera chilipo mpaka lero. Ndiye ine maganizo anga ndi awa, wamkulu ngati ukufunadi, thira madziwo mu beseni uyike patebulo lolimba, udikire kaye asiye kubwadamuka, nkhope italikire. Ana ayi. A mphumu samalani chifukwa fungo lamphamvu lija ena limawabanikitsa. Ndipo mafuta a bulugama a mu kabotolo aja si akumwa, ndi poizoni. Vicks pachifuwa amachita zofananako popanda poto, fungo lake limakupangitsa kumva ngati mpweya ukudutsa bwino ndiye umagonako, koma osapaka mwana wosakwana zaka ziwiri, osalowetsa m'mphuno, ndipo zomeza Vicks ndi madzi otentha zija tisiye.

Mbaula ndiyike payokha chifukwa iyi ndi yomwe imapha. Munthu ukadwala chimfine umazizidwa kawiri, ndiye maganizo amabwera oti ndilowetse mbaula kuchipinda, nditseke chitseko ndi windo, nsanza pansi pa chitseko kuti mphepo isalowe. Makala akamayaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, ulibe fungo, ulibe mtundu, suutsamwitsa ngati utsi wa nkhuni kuti udzidzimuke. Umalowa m'magazi n'kulanda malo a oxygen, umayamba mutu, chizungulire, nseru, kufooka, zomwe munthu wachimfine angoti ndi chimfine chomwechi, kenako tulo, osadzukanso. Nyengo yozizira ikafika nkhani zotere timazimva pa wailesi, alonda, ana asukulu a m'ma hostel, banja lonse nthawi zina. Makala ofiira opanda utsi aja anthu amati ndi otetezeka, ayi ndithu, amatulutsabe. Wothani pakhonde kapena windo lili lotsegula, pogona mbaula itulutsidwe panja. Kufunditsa bedi thirani madzi otentha mu botolo lolimba, tsekani bwino, kulungani mu chitenje, ikani kumapazi. Masokosi, chipewa, bulangeti lachiwiri la pa kaunjika. Wina mukamupeza wafooka m'chipinda momwe muli mbaula, mutulutseni panja pa mpweya nthawi yomweyo n'kuthamangira naye kuchipatala, osayamba za kumumwetsa mkaka.

Kachasu kapena ka brandy mu tiyi, achimwene ena amalumbirira kuti ndiye mankhwala. Mowa umatsegula mitsempha ya pakhungu ndiye umamva kufunda pomwe thupi likutaya kutentha, tulo take n'tosapumitsa, ndipo ukaphatikiza ndi Panado chiwindi ndi chomwe chimalipira. Ndisatayepo nthawi.

Za m'golosale ndi mu famase. Panado, yemwe dzina lake lenileni ndi paracetamol, amathandizadi mutu, kuphwanya kwa thupi ndi kutentha. Wamkulu mapiritsi awiri a 500mg, kudikira maola osachepera anayi, osapitirira mapiritsi 8 pa maola 24. Msampha uli apa, mankhwala ambiri olembedwa kuti a chimfine, a timapaketi tothira m'madzi otentha ndi makapisozi aja, mkati mwake muli kale paracetamol, ndiye munthu amamwa Panado, kuonjeza kapaketi, madzulo makapisozi, osadziwa kuti wamwa mankhwala amodzimodzi katatu. Werengani kumbuyo kwa paketi. Ena mwa iwo amagonetsa, a kabaza ndi madalaivala mudziwiretu, ena amakweza BP. Aspirin asapatsidwe mwana wosakwana zaka 16, pali matenda otchedwa Reye's syndrome omwe amagwira ubongo ndi chiwindi, ndi osowa koma oopsa. Ana mlingo wa Panado umatengera kulemera kwawo, funsani kuchipatala osangothyola piritsi la akulu ndi mano.

Amoxicillin wa azakhali anga uja ndiye ayi. Iye ndi Bactrim ndi anzawo amapha mabakiteriya, kwa virus ali ngati kuthira feteleza pa thanthwe. Anthu amati koma mamina asanduka achikasu kapena obiriwira ndiye pafunika makapisozi, pomwe mtundu umenewo umabwera ndi asilikali a m'thupi omwe akumenya nkhondo, chimfine wamba chimatero pakapita masiku angapo. Choipa n'choti tikamamwa mwachisawawa, awiri lero awiri mawa n'kusiya, mabakiteriya omwe ali m'thupi amazolowera, tsiku lomwe udzadwale chibayo chenicheni mankhwala aja sadzagwira. Madokotala ku Queens ku Blantyre akhala akudandaula za tizilombo tosamva mankhwala, makamaka mwa makanda. Omwe munapatsidwa Bactrim kuchipatala kuti muzimwa tsiku ndi tsiku pamodzi ndi ma ARV, imeneyo ndi nkhani ina, pitirizani monga anakuuzirani.

Nanga za alamu anga zoti kathamange? Apa pali kalamulo kosavuta komwe ochita masewera amatsatira. Ngati zonse zili kuchokera m'khosi kupita kumwamba, mphuno, kuyetsemula, kukhosi kukanda pang'ono, kuyenda pang'onopang'ono kulibe vuto ndipo mphuno zimatsegukako. Ngati zatsikira pachifuwa, thupi likutentha, mafupa akuphwanya, ukubanika, gona. Kuthamanga thupi likutentha kumapanikiza mtima, ndipo chimfine sichituluka ndi thukuta monga amanenera. Ine Lachitatu ndi Lachinayi sindinatuluke, Lachisanu cha m'ma 10 dzuwa litatuluka chifunga chitachoka ndinayenda kuchokera kunyumba kukafika kumsika n'kubwerera, mwina mphindi 20, ndinagulako tomato ndi ndimu, pobwera ndinakhala pakhonde kuwothera dzuwa ngati buluzi. Zinandithandiza mtima kuposa mphuno, kugona masiku awiri m'nyumba yozizira kumakupatsa maganizo. Zokwera phiri la Dedza mpaka ku ma tawa zidikire uchire. Ndipo 5 koloko m'mawa mu Julaye, mpweya wozizira wouma uja ukalowa pachifuwa chodwala umatsokomola mpaka misozi. Kwa achikulire omwe sangayende mtunda, kudziwongola pampando, kuzunguza mapewa, kuyenda kuzungulira bwalo kangapo masana, zakwana.

Kuyenda kumaposa zonsezi pamene uli bwino, osati utadwala kale. A bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amati wamkulu azichita zolimbitsa thupi zapakatikati mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndiye kuti mphindi 30 masiku asanu. Mayi anga akamva izi amaseka, iwo kudimba kokha kupita ndi kubwera ndi kathiriridwe ka kachewere apitirira kale pofika Lachiwiri. Uthengawu ndi wa ife a mu ofesi ndi a mu shopu omwe kuchoka pa depoti kufika kumsika timakwera kabaza.

Zimenezi zikundifikitsa pa foni. Ndinayika ka app kowerenga masitepe, kamandiuza kuti ndifike 10,000 patsiku. Nambala imeneyi sinachokere kwa madokotala, inachokera ku Japan cha m'ma 1965 pomwe kampani ina inkatsatsa kachipangizo kake kowerengera masitepe, ndiye musadzizunze nayo, ochepera pamenepo amathandizabe. Komanso kanga kaja ndikakwera njinga yamoto mu msewu wa mabampu wopita kumudzi kamawerenga mabampuwo ngati masitepe, tsiku lina kanandiyamikira kuti ndaswa rekodi ndili chikhalire. Komabe kamandichititsa manyazi madzulo ndikaona nambala yochepa, ndiye ndimadzuka, pamenepo ndiye phindu lake.

Pa matenda penipeni foni ili ndi mbali ziwiri. Mbali ya ma voice note ongotumizirana, a dokotala wa ku India wopanda dzina, anyezi m'sokosi, adyo m'mphuno, imeneyo imangodya bandulo, ndipo adyo m'mphuno amatupitsa mkati n'kuonjeza mamina omwe akuti akutulutsawo. Ma AI ofunsa mafunso aja amatha kukufotokozera zolembedwa pa paketi ya mankhwala m'mawu osavuta, koma sangamvetsere chifuwa chako kapena kukuyeza magazi. Mbali yothandiza ndi yosasangalatsa, alamu yokukumbutsa kuti Panado unamwa nthawi yanji, zanyengo za a nthambi yoona zanyengo zomwe amaika pa Facebook ndi kuwerenga pa wailesi kuti udziwe ngati kukubwera chiperoni ana avale zokwanira, ndi Chipatala Cha Pa Foni, choyimba ulere pa 929. Chinayamba ku Balaka mu 2011 ngati cha amayi ndi ana, pano ndi cha dziko lonse pansi pa Unduna wa Zaumoyo, umayankhula ndi wazaumoyo weniweni m'Chichewa. Usiku mwana akutentha, chipatala chili kutali, ndi bwino kuyimba kumeneko kusiyana ndi kufunsa pa gulu la banja.

Ndipo wotchi ya pa foni ija ingapulumutse mwana. Chibayo chimayamba ngati chimfine, kusiyana kwake kumaonekera pa kapumidwe. Mwana ali phee osalira, vundukulani pamimba, tcherani mphindi imodzi yathunthu, werengani kuti wapuma kangati. Wa miyezi iwiri mpaka 11 akafika 50 kapena kupitirira, wa chaka chimodzi mpaka zaka zisanu akafika 40 kapena kupitirira, wosakwana miyezi iwiri akafika 60, nyamukani. Chimodzimodzi ngati pansi pa nthiti pakulowa mkati akamakoka mpweya, akukana kuyamwa kapena kumwa, akusanza chilichonse, wakomoka, kapena akungogona osadzutsika. Alangizi a zaumoyo a m'midzi amawerenga chonchi ku village clinic, si zamatsenga. Ka thermometer ka digito n'kofunika kukhala nako m'nyumba kuposa manyuchi a chifuwa, dzanja lozizira la mu Julaye likakhudza chipumi aliyense amaoneka wotentha. Kakawerenga 38 kupita m'mwamba ndiye kutentha thupi kwenikweni, ndipo khanda losakwana miyezi itatu likafika pamenepo palibe zodikira kuche.

Kwa akulu, thupi likatentha musathamangire kunena kuti ndi chimfine chifukwa choti kuno kumapiri udzudzu ndi wochepa nyengo ino. Ngati munapita kunyanja, ku Mtakataka, ku Golomoti, ku Bwanje masabata awiri apitawa, kayezetseni malungo, kubaya chala mphindi zochepa zotsatira zatuluka, ndipo LA amwedwe atakupezani nawo osati mongoganizira. Chifuwa chikapitirira masabata awiri, makamaka ndi thukuta la usiku, kuwonda kapena magazi m'makhololo, kayezetseni TB, m'zipatala za boma ndi ulere. Kubanika, kupweteka pachifuwa popuma, kapena kuyamba kupeza bwino kenako n'kudwalanso kwambiri, jinja achoke kaye. Amayi oyembekezera, agogo, a mphumu, a shuga, a mtima ndi omwe chitetezo chili chotsika musadikire masiku ambiri ngati anzanu.

Ndiye mukandifunsa kuti ine ndasankha chiyani sabata ino, ndi madzi amchere m'mawa, tiyi wa jinja ndi uchi kangapo patsiku, Panado masiku awiri oyamba okha, kugona msanga, botolo la madzi otentha kumapazi, kusamba m'manja ndi sopo komanso kapu yangayanga kuti ndisapatsire ana, ndi kuyenda masana kuyambira tsiku lachinayi. Ndalama yomwe yatuluka kwambiri ndi ya uchi. Wamng'ono wayambabe kuyetsemula dzulo ngakhale ndinayesetsa, ndamuwerenga kapumidwe kawiri ndi foni, ali bwino, akudya ngati dzombe.

Lamulungu mayi anayimba kufunsa ngati ndinafukiza. Ndinati mayi ndachira, mawu abwerera, mukundimva nokha. Akuti sindinafunse zimenezo, ndafunsa ngati unafukiza. Ndinayamba kufotokoza za poto ndi mwana wa aneba uja, iwo akuti ameneyo anali wosasamala, ife takulerani nonse asanu ndi bulugama yemweyo wapsa ndani. Lolemba kondakitala wa minibasi ya ku Bembeke anandiyimbira kuti ndikatenge katundu pa depoti, kathumba ka kachewere, pamwamba pake mtolo wa masamba a bulugama womanga ndi luzi. Kachewere tadya kale kawiri, masamba ndawapachika kuseri kwa chitseko, chipinda chonse chikununkhira.